Manja Kapena Pakamwa: Mbiri ya Aphunzitsi a Ana Ogontha

Inu amuna ogwira nchito pansi pa mgodi mudziwa bwino kuti pamene makina oboolera mwala ayamba kulira, pakamwa pasanduka pacabe. Mnzako ali pafupi, mungathe kugwirana dzanja, koma mau ako safika kwa iye. Pamenepo munthu alankhula ndi dzanja, ndi mutu, ndi nyali ya pacisoti, ndipo nchito iyenda. Mutaweruka mukwera kumtunda, nimubwerera ku mau. Koma alipo ana pakati pathu, m'makomboni ndi m'midzi, amene mau safika kwa iwo usana ndi usiku, caka ndi caka. Lero tifuna kukamba mbiri ya anthu amene anadzipereka kuphunzitsa ana otere, kulangiza makolo ao, ndi kuwanenera kwa akulu a boma. Nchito imeneyi yakhala zaka zoposa 400, ndipo nthawi yaikulu eni ake akhala pa mlandu umodzi: kodi mwana wogontha aphunzitsidwe ndi manja, kapena akakamizidwe kulankhula ndi pakamwa?

Tiyambe tamvetsa bvuto lake. Anthu ambiri aganiza kuti mwana wosalankhula ali ndi lilime lolemera, kapena kuti mutu wake suli bwino. Si tero ai. Kawirikawiri lilime lake liri bwino lomwe, ndi nzeru zake ziri zamphumphu; cimene catsekeka ndi khutu. Mwana atola mau pakumva amake ndi abale ake alikulankhula, ndipo amene samva alibe powatola. Ena abadwa otero; ena agontha atadwala cikuku, kapena nthenda youmitsa khosi, kapena mafinya a m'khutu osacizidwa. Ndipo mwa ana ogontha khumi, asanu ndi anai abadwa kwa makolo akumva. Mwana wa Mbemba aphunzira Cibemba kwa amake, mwana wa Mlozi aphunzira Cilozi; koma mwana wogontha abadwira m'nyumba imene mulibe munthu wodziwa cinenero comuyenera. Ndico cifukwa cake mphunzitsi wa ana awa asenza katundu woposa wa aphunzitsi ena. Iye akasankha molakwa, mwana angathe kukula wopanda cinenero ciri conse.

Oyamba amene mbiri iwakumbukira sanaiyambe nchito iyi cifukwa ca cifundo cokha. Panali nkhani ya cuma. M'malamulo akale a ku Ulaya, ocokera kwa Aroma, munthu wobadwa wosamva ndi wosalankhula sanali kuwerengedwa ngati munthu wamkulu pa milandu ya colowa. Tsono ku Spain kunali mabanja a mafumu olemera amene anabala ana ogontha, naopa kuti minda yao idzapita kwa ena. Anapereka anawo kwa mmonke wina, Pedro Ponce de León, wa ku Oña, amene anamwalira mu 1584, ndipo iye anawaphunzitsa kulemba, kuwerenga ndi kuchula mau. Mu 1620 Juan Pablo Bonet anasindikiza buku ku Madrid loonetsa maumbidwe a zala oimira zilembo. Koma zonsezi zinali za ana a olemera, mmodzi mmodzi. Mwana wa mlimi anatsala kubusa.

Amene anatsegulira khomo ana a amphawi ndi wansembe wa ku Paris, Charles-Michel de l'Épée, wobadwa mu 1712. Ca m'ma 1760 analowa m'nyumba ina napeza atsikana awiri apacibale. Anawalonjera, koma osayankha. Amai ao anamuuza kuti anawo ngogontha, ndi kuti wansembe amene anali kuwaphunzitsa ndi zithunzi anamwalira. De l'Épée anabvomera kulowa m'malo mwake, ngakhale sanadziwe poyambira. Cimene cimsiyanitsa ndi a m'mbuyo mwake n'cakuti iye anayamba wapenya. Anaona kuti atsikanawo akambirana okha ndi manja, nazindikira kuti mphunzitsi ndiye ayenera kuyamba kukhala wophunzira.

Manjawo sanawapeke iye, monga ena asimba. Ogontha a mu Paris anali naco kale cinenero cao, ndipo umboni wake ulipo. Mu 1779 munthu wogontha, Pierre Desloges, wa nchito yosoka mabuku, analemba kabuku kofotokoza kuti iye ndi anzake akamba ndi manja nkhani za mtundu uli wonse, ngakhale ambiri a iwo sanapondepo pa sukulu. De l'Épée anatenga manja amenewo naonjezapo ake ofuna kutsata malamulo a Cifalansa. Kunena zoona, oonjezawo anali olemetsa. Ana anali kuwagwiritsa pamaso pa mphunzitsi, koma atatuluka anabwerera ku ao. Ngakhale ziri tero, mkuluyu anacita zinthu ziwiri zimene zinasintha dziko. Anasandutsa nyumba yake ya mu rue des Moulins sukulu yaulere, nadyetsa ana ndi cuma cimene makolo ake anamsiyira. Ndipo sanabise njira yake kwa munthu. Ali yense wofuna kuona anali kulowa. Mfumu Joseph II ya ku Austria inafika mu 1777, nitumiza wansembe wake kudzaphunzira, ndipo mu 1779 sukulu inatsegulidwa ku Vienna. De l'Épée anamwalira mu 1789, ndipo mu 1791 boma la France linatenga sukulu yake kukhala ya dziko. M'sukulu imeneyi munatuluka cinthu cimene kale anthu akadaciyesa nthano: ogontha anasanduka aphunzitsi. Wochuka mwa oyambawo ndi Jean Massieu.

Koma si onse anakondwera. Ku Germany kunali mphunzitsi wina, Samuel Heinicke, amene anatsegula sukulu ku Leipzig mu 1778, ndipo iye ndi de l'Épée anatsutsana m'makalata. Heinicke anati mwana aphunzire kutulutsa mau ndi kuwerenga milomo ya olankhula, osati manja. Tisafulumire kumseka, pakuti maganizo ake anali ndi mutu. Dziko ndi la akumva. Mwanayo akadzakula adzafuna kugula pa msika, kuyankha pa bwalo, kupempha nchito. Nanga manja adzamthandiza bwanji kumene kulibe owadziwa? Kholo liri lonse likhumba kumva mwana wake akuti amai, ndipo njira ya pakamwa inalonjeza cimeneco.

Bvuto lake mungathe kuliyesa nokha madzulo ano. Imani pamaso pa mnzanu, nimuchule mau atatu awa popanda kutulutsa liu: phala, bala, mbala. Milomo iyenda cimodzimodzi, ndipo iye sadzadziwa ngati mukamba za cakudya, za cilonda, kapena za wakuba. Nanga mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa m'sitoro, amene asiyana pa kukweza ndi kutsitsa liu kokha? Diso silingaone zimenezo. Mau ambiri aumbidwa m'kati mwa kamwa ndi kummero, kobisika. Munthu amene anagontha atadziwa kale kulankhula angathe kulotera zotsalazo, koma mwana amene sanamvepo liu cibadwire afanana ndi munthu wouzidwa kuti aphunzire Cichaina poyang'ana Achaina pa windo lotseka.

Ku Scotland, Thomas Braidwood anatsegula sukulu ku Edinburgh mu 1760, ndipo banja lake linasunga njira yao ngati mankhwala a sing'anga, osaululira wakunja. Kuumira kumeneku kunabala zimene iwo sanayembekeze. Ku Hartford, m'dziko la America, kunali dotolo, Mason Cogswell, amene mwana wake Alice anagontha atadwala ali ndi zaka ziwiri. Dotoloyo ndi anzake anasonkha ndalama natuma mlaliki wacinyamata, Thomas Gallaudet, kuti akaphunzire nchitoyi ku Ulaya. Anafika ku England mu 1815, koma a Braidwood anamuikira malamulo olimba a kusunga cinsinsi ndi kuwatumikira zaka. Pamenepo anakomana ndi aphunzitsi a ku Paris amene anali kuonetsa nchito yao mu London, ndipo iwo anamuitana kwao. Mu 1816 Gallaudet anabwerera ku America ali ndi mnzake, mphunzitsi wogontha dzina lake Laurent Clerc.

Clerc anali ndi cipsera pa tsaya, pakuti anagwera pa moto ali khanda, ndipo kufikira lero ogontha amchula pokhudza tsaya ndi zala ziwiri. Ndiwo mwambo wao, kupatsa munthu dzina la manja. Ulendo wa pa nyanja unatenga masiku 52. M'ngalawamo Clerc anaphunzitsa Gallaudet manja, ndi Gallaudet anaphunzitsa Clerc kulemba Cingerezi. Pa 15 April 1817 anatsegula sukulu ku Hartford ndi ana 7, ndipo Alice anali mmodzi wa iwo. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Clerc anaphunzitsa pamenepo zaka zoposa 40, ndipo ophunzira ake anabalalika natsegula masukulu m'zigawo zina. Mu 1864 Abraham Lincoln anasaina cikalata cololeza koleji ya ogontha ku Washington, imene lero iri Gallaudet University. Pofika 1870, mwa aphunzitsi khumi a ogontha ku America, anai anali ogontha iwo eni.

Tsono tifika pa caka cimene ogontha a dziko lonse acikumbukira ndi cisoni. Mu September 1880 aphunzitsi 164 anasonkhana ku Milan, m'dziko la Italy, ambiri a iwo a ku Italy komweko ndi a ku France, ndipo pafupifupi onse anali akumva. Anawaonetsa ana osankhika olankhula bwino, ndipo pomaliza msonkhano unagamula kuti njira ya pakamwa ndiyo yopambana, ndi kuti manja aononga kulankhula. Okana anali owerengeka, makamaka a ku America, pakati pao Edward Gallaudet, mwana wa Thomas uja. Pa bwalo la mfumu kwathu kuno, ndani angaweruze mlandu mwini wake palibe? Ku Milan kunacitika zimenezo, ndipo oweruzawo anali anthu ophunzira, ambiri a iwo a mtima wabwino.

Zotsatira zake zinali zowawa. M'maiko ambiri manja analetsedwa m'sukulu. Ana ogwidwa alikukamba ndi manja anali kumenyedwa, kapena kuuzidwa kuti akhalire manja ao, ndipo ena anawamanga. Aphunzitsi ogontha anacotsedwa pang'ono pang'ono, pakuti wosamva angaphunzitse bwanji kachulidwe ka mau? Ku America, pofika 1917, mwa aphunzitsi asanu ndi awiri anatsala mmodzi wogontha. Kumeneko mtsogoleri wa njira ya pakamwa anali Alexander Graham Bell, yemwe uja anapanga lamya mu 1876. Amake ndi mkazi wake anali ogontha, ndipo iye mwini anali mphunzitsi wa ogontha. Komabe anaopa kuti ogontha akamasonkhana ndi kukamba cinenero cao adzakwatirana okhaokha ndi kucurukitsa ugonthi. Zaka zimene mwana akadaphunzira masamu ndi mbiri zinathera pa kalirole, akuyesa kuumba liu limene iye salimva. Ana otsalako ndi kumva pang'ono anapindula ndithu. Ogontha ceniceni ambiri anatuluka ndi mau osamveka ndi maphunziro ocepa. Koma cinenero ca manja sicinafe. Cinabisala m'nyumba zogona ndi m'mabwalo osewerera, ana aakulu akupatsira aang'ono aphunzitsi atatembenuka.

Kungakhale kukondera kunena kuti m'zaka zimenezo simunatuluke cabwino. A njira ya pakamwa ndiwo anayamba kulimbikira kuti thandizo liyambe mwana ali kumsana, ndi kuti kholo ndilo mphunzitsi woyamba. Mu 1919 yunivesite ya Manchester inayamba kuphunzitsa aphunzitsi a ogontha, ndipo woyambitsa wake anali Irene Goldsack, amene pambuyo pake anakwatiwa ndi Alexander Ewing. Awiriwa anapeza njira yopimira makutu a khanda la miyezi yowerengeka: wina amseweretsa mwana kutsogolo, wina aliza kasupuni m'kapu kumbuyo kwake, naona ngati aceuka. Ku Los Angeles, Louise Tracy, mkazi wa Spencer Tracy wa m'mabaisikopo, anali ndi mwana wogontha dzina lake John. Mu 1942 anayambitsa John Tracy Clinic, imene inali kutumiza maphunziro aulere m'makalata kwa makolo a m'maiko akutali. Ku England makolo anadzipangira bungwe lao mu 1944, limene lero liri National Deaf Children's Society. Kuyambira pamenepo nchito iyi siinakhalenso ya m'kalasi mokha. Panabuka aphunzitsi oyendera makomo, opima makutu, ndi alangizi a mabanja.

Nanga kuno ku Africa? Masukulu oyamba a kumwera anali ku Cape: masisitere a Dominican ocokera ku Ireland anayamba ku Cape Town mu 1863, ndi mpingo wa Dutch Reformed unatsegula sukulu ya ogontha ndi akhungu ku Worcester mu 1881. Amishoni a mpingo womwewo ndiwo anamanga Magwero mu 1899, pafupi ndi Fort Jameson, imene tsopano iri Chipata. Pa Magwero panayamba maphunziro a akhungu mu 1905, ndipo patapita zaka 50, mu 1955, mai Ella Botes anayamba kuphunzitsa ogontha pomwepo. Dzina la malowo linakhoza, pakuti ndiwo magwero a nchito iyi m'dziko lathu. Taganizirani kuti kufikira caka cimeneco migodi inali itakumbidwa kale, njanji inali kuyenda, wailesi inali kulankhula kucokera ku Lusaka, koma mwana wogontha analibe sukulu yomuyenera.

Zaka ziwiri pambuyo pake kunafika ku Africa munthu amene mbiri yake iyenera kudziwika kwa onse. Andrew Foster anabadwa mu 1925 ku Birmingham, m'cigawo ca Alabama ku America, mzinda wa ng'anjo za citsulo ndi migodi ya malasha. Anali munthu wakuda, m'dziko la tsankho, ndipo anagontha ali ndi zaka 11 atadwala nthenda youmitsa khosi. Anagwira nchito zosiyanasiyana akuphunzira usiku ndi m'makalata, ndipo mu 1954 anakhala munthu wakuda woyamba kulandira digiri pa koleji ya Gallaudet. Anafuna kupita ku Africa, koma mabungwe a mishoni sanamlandire. Tsono mu 1956 anayambitsa lake. Mu 1957, caka cimene Ghana inalandira ufulu, anatsegula sukulu ku Osu, mu Accra, m'cipinda cobwereka. Mu 1960 anatsegula ina ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, ndipo pambuyo pake analowa m'maiko olankhula Cifalansa.

Pa nthawiyo masukulu ambiri a ogontha anali kutsatabe ciweruzo ca ku Milan, koma Foster anaphunzitsa ndi manja, pamodzi ndi kulemba ndi kulankhula komwe kwa amene angathe. Nzeru yake yaikulu inali yosakhalitsa pa malo amodzi. Anali kusankha anyamata ndi atsikana ogontha a m'dzikomo, kuwaphunzitsa uphunzitsi, kuwasiyira sukulu, iye napitirira. Ena anawatumiza ku Gallaudet. Motero anayambitsa masukulu oposa 30 m'maiko 13. Pali cimodzi cimene ogontha ena a mu Africa amdandaula naco: manja amene anadza nao anali a ku America, ndipo m'malo ena anaphimba manja a eni dziko, monga Cingerezi ciphimba zinenero zathu m'tauni. Dandaulo limeneli liri ndi maziko. Komabe ana amene anawapeza anali obalalika m'midzi, ali yense yekha, ndipo iye ndiye anawasonkhanitsa. Foster anamwalira pa ngozi ya ndege ku Rwanda mu December 1987, ali pa ulendo wa nchito yomweyo.

M'zaka zomwezo mlandu uja unayamba kutembenuka. Mu 1960 William Stokoe, mphunzitsi wakumva wa pa Gallaudet, anasonyeza kuti manja a ogontha si kulozaloza cabe. Cizindikiro ciri conse cipangidwa ndi maumbidwe a dzanja, malo pamene liri, ndi mayendedwe ake. Mutasintha cimodzi mwa izi tanthauzo lisintha, monga phala lisanduka bala. Ciri ndi malamulo akeake, ndipo si cimodzi pa dziko lonse: wogontha wa ku England ndi wa ku America samvana msanga, ngakhale akumva a kwao alankhula Cingerezi onse. Poyamba ngakhale ogontha ena anamseka, pakuti anakula akuuzidwa kuti manja ao ngocititsa manyazi. Kenaka mu 1979 Reuben Conrad anafalitsa zimene anapeza atapima ana ogontha otsiriza sukulu ku England ndi Wales. Ana a zaka 15 ndi 16 anali kuwerenga ngati mwana wakumva wa zaka 9, ndipo kuwerenga milomo sanapose akumva amene sanaphunzitsidwepo konse. Zimenezi ndizo zinali zokolola za zaka pafupifupi 100.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. Sweden inabvomereza cinenero ca manja mu 1981. Mu 1988 ophunzira a pa Gallaudet anatseka zipata za sukulu yao kufikira anapatsidwa mtsogoleri wogontha, I. King Jordan, woyamba m'zaka 124. Uganda inalemba cinenero ca manja m'malamulo aakulu a dziko mu 1995, Zimbabwe mu 2013, ndipo South Africa inaciika pakati pa zinenero za boma mu 2023. Kuno kwathu boma linatenga maphunziro a ana olemala m'manja mwake mu 1971, nilitsegula koleji ya aphunzitsi ao ku Lusaka, imene tsopano idziwika ndi dzina la ZAMISE. Ogontha eni anapanga bungwe lao, Zambia National Association of the Deaf, mu 1981, ndipo a ku migodi mudziwa sukulu ya St Joseph's ya ku Kalulushi.

Mkangano sunathe ai. Masiku ano madotolo angathe kupima makutu a mwana wa tsiku limodzi, ndipo pali timakina toikidwa m'kati mwa khutu ndi opaleshoni, timene tithandiza ana ambiri kumva ndi kulankhula, ngakhale mtengo wake uli kutali ndi thumba la munthu wamba. Cifukwa ca timakina timeneti akatswiri ena ayambanso kuuza makolo kuti asiye manja. Ena akana, nati cinenero cimera m'zaka zoyamba za mwana, ndipo mwana sangadikire kuti makina aoneke ngati agwira nchito. Apatsidwe manja kuyambira pa msana, mau adze pamwamba pake ngati adza. Ife tiona kuti a ciwiriwa ndiwo awerenga mbiri.

Msonkhano uja wa aphunzitsi a ogontha sunaleke kukomana. Unali kusuntha dziko ndi dziko. Mu July 2010 unakomana ku Vancouver, m'dziko la Canada, ndipo ulendo uno ogontha anali m'katimo, ena a iwo pa gome la akulu. Tsiku loyamba kunawerengedwa cikalata cokana ziweruzo zonse za ku Milan zimene zinacotsa cinenero ca manja m'sukulu, ndi cobvomera cisoni pa zoipa zimene zinatsatapo. Panali patapita zaka 130.